Chaka Chimene Ndinasiyira Mulungu Mpunga wa Amayi

Mpaka lero ndikamva chitini chikulira penapake, kaya yachigunda ndi mbuzi kaya ndi mwana akusewera, m'mutu mwanga mumabwera nsanja ziwiri zitaima m'dambo m'mamawa, nkhungu itazigwira m'miyendo ngati zikuyandama. Pansanja imodzi pali kamnyamata ka miyendo yotuwa, kabudula wobooka kumbuyo, kakuyasamula. Ameneyo ndine, musanyengedwe ndi imvizi. Pa inayo pali bambo wamkulu wovala jekete yakuda yopanda mabatani, wailesi ili pantchafu, ndodo atayitsamiritsa pamzati. Amenewo ndi a Jailosi. Pakati pathu pali mpunga, wa amayi kuno, wawo uko, utaweramitsa ngala, ukununkhira ngati wapsa kale mumphika. Ndipo cha kumabango kukumveka kaphokoso kaja ka mpheta zikudzuka, kamene mlimi wa mpunga amakamvera m'mimba osati m'khutu.

Chinali chaka chotsatira chija tinayamba kuvotera zipani zambiri. Inu obadwa dzulo simungadziwe mmene pakamwa pa anthu panatsegukira nthawi imeneyo. Anthu amene anakulira kunong'ona ngakhale pofunsa njira anayamba kutsutsana pa chilichonse, pamsika pa Golomoti, pachigayo, pamjigo, ngakhale pamaliro. Atatopa ndi kutsutsa boma anayamba mafumu, ndipo atatha mafumu ena anakweza maso n'kuona kuti kumwambako kwatsala Mmodzi amene sanapanikizidwepo ndi mafunso. Kwathu kuno amene anadzipereka pantchito imeneyo anali a Jailosi.

Koma ndiyambe ndi mpunga, chifukwa ndiwo unali pamoto. Sikimu ya ulimi wothirira ya ku Bwanje inali isanabwere, ngalande za simenti zija kunalibe. Tinkalima mpunga wa m'dambo, woyembekezera mvula, aliyense kamunda kake kozunguliridwa ndi migula, timizere tadothi tosunga madzi tomwe tinalinso njira zathu. Bambo anga anali atapita kunyanja cha ku Mtakataka kukagula usipa ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo usipawo mpaka pano tikuudikirabe. Amayi anatsala ndi ana atatu, wamkulu ndine. Chaka chimenecho ng'amba inatentha chimanga cha kumtunda chili pongomasula, moti m'nkhokwe mbewa zinkalowa n'kutuluka zikudandaula. Chimene chinatsala pakati pa ife ndi njala chinali kamunda ka mpunga kaja basi. Ndiwo unali chakudya cha chaka, ndiwonso unali mbewu ya chaka chamawa. Amayi anauwokera okha, madzi ali m'mawondo, misundu ikuwayamwa, mwana ali kumsana. Utayamba kukhala ndi mkaka m'ngala, iwo anali kalikiliki kutola thonje kumtunda, ndiye ntchito yoingitsa mbalame inagwera ine. Kusukulu sanandisowe. Ndinkapitako ngati mlendo wodutsa, ndipo nyengo ya mbalame ikafika aphunzitsi ankaphunzitsa mabenchi.

Amene sanalonderepo mpunga amaganiza kuti ndi ntchito yongokhala. Umadzuka tambala akulira kachiwiri, mbatata yowotcha m'thumba, n'kumakankha mame ndi miyendo mpaka kabudula kudontha. Uyenera kufika mbalame zisanafike. Kuchokera pansanja pamachoka zingwe zopita kungodya zonse za munda, zitamangiriridwa zitini zokhala ndi timiyala ndi nsanza za mapepala apulasitiki. Ukakoka chingwe munda wonse umalira. Koma mpheta si zopusa. Masiku awiri oyamba zimathawa, tsiku lachitatu zimatera pachingwe chomwecho n'kumakuyang'ana. Zikazolowera choncho palibe kuchitira mwina, umatsika n'kumathamanga pamgula ukukuwa ngati wapenga, ukuponya mibulu yadothi ndi legeni, ndipo ukazichotsa kuno zimangodumpha n'kukatera uko. Zimabwera ngati utsi, gulu limodzi n'kuphimba dzuwa. Sizidya mpunga wonse, zimangoboola njere n'kuyamwa mkaka, ngala n'kutsala itaima njo, yoyera, yopepuka, mankhusu okhaokha. Munda wathu unali ndi tsoka lina: ngodya yake yakumunsi inagundana ndi mabango kumene mbalamezo zinkagona, ndiye zikadzuka, tebulo loyamba linali lathu.

Kulondera mpunga ndi ntchito ya ana, ndipo m'dambo lonse munthu wamkulu wokhala pansanja anali a Jailosi okha. Ine nthawi imeneyo ndinkangoti amakonda mphepo. Ndinadzamva nditakula kuti mkazi wawo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira dzinja limodzi ndi matenda otsegula m'mimba, masiku anayi okha pakati, ndipo kuyambira pamenepo bamboyo sanapondenso m'tchalitchi. Analibe womutuma kunsanja. Paunyamata wawo anagwira ntchito kunjanji, ndipo ntchito yawo inali yoti sitima ikaima azizungulira ndi nyundo yaitali akugogoda mawilo a mabogi. Wilo labwino limalira mokoma, ankatero, koma long'aluka limalira ngati mphika wosweka, ngakhale maso asaone mng'alu. Tsiku lina chitsulo chinawagwera paphazi lamanzere n'kuliphwanya, ndiye anabwerera kumudzi akutsimphina, atanyamula wailesi, jekete ndi nyundo ija. Ankayenda mokoka phazilo, ndodo ili kudzanja lamanja. Ndipo chilichonse chimene ungawauze, kaya ndi za mfiti, kaya za mankhwala a mpira, kaya malonjezo a zipani, ankakufunsa funso limodzi: wachigogoda?

Dzuwa likafika pamutu mbalame zimapuma, zimakabisala pamthunzi. Nthawi imeneyo ndinkapita kunsanja kwawo, tinkagawana mbatata ndi malambe, iwo n'kumandiuza zimene amva pawailesi m'Chingerezi. Ndi kumeneko kumene ndinamva koyamba kuti dzuwa ndi nyenyezi, kungoti lili pafupi, ndiponso kuti dziko lathuli likuzungulira ngati nguli ife tili pamwamba pake osagwa. Tsiku lina anathyola njere imodzi ya mpunga, anaiika pachikhatho changa n'kunena kuti anthu ophunzira apeza kuti zonse zimene ndikuonazi, mapiri a Dedza awo, nyanja, mwezi, nyenyezi zonse, pachiyambi zinali zitapanikizana m'kanthu kochepa kuposa njere imeneyo. Kenako kanthuko kanaphulika, zinthu n'kumwazika, n'kumazizira pang'onopang'ono kwa zaka zoti ngakhale utawerenga tsitsi la anthu onse a kwa Kachindamoto sungafike. Ndinafunsa kuti nanga Mulungu anali ataima pati pamene zinkaphulikazo. Anati iwo amufunafuna m'nkhani yonseyo koma sanamupezemo. Ndinayang'ana kumwamba kudikira mphezi. Kunali mbee, kabawi yekha akuuluka.

Tsopano panali munthu wina amene nkhani zimenezi zinkamuyabwa, malume anga a Sitefano, mlongo wawo wa amayi, amenenso anali akatekisiti a katchalitchi kathu kaudzu. Ansembe ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye Lamulungu lililonse mapemphero ankatsogolera ndi iwo, ndipo ndi iwonso ankatiphunzitsa ife amene tinkakonzekera Ukaristia woyamba. Anali munthu wamfupi, wa dazi lowala, wokonda kuseka mpaka kutsokomola. Iwo ndi a Jailosi anakulira pamodzi, anaba mango amodzi, ndipo pamapeto pake malume anakwatira mlongo wawo wa a Jailosi, ndiye ankaitanana kuti alamu. Masiku ena masana malume ankatsika kudambo panjinga yawo, ati kudzaona mpunga wa mbumba yawo, koma mpungawo ankangouponyera diso limodzi n'kulunjika kunsanja ya alamu awo. Asanatsike n'komwe panjinga ankayamba kufunsa ngati achikunja adzuka bwino, ndipo a Jailosi ankayankha kuti adzuka okha popanda wowadzutsa.

Mikangano imene ndinamva pansi pa nsanja imeneyo sindinaimvenso kwina. Malume ankati iwo anaonapo zinthu zambiri zikuphulika, botolo la thobwa, tayala la minibasi, ngakhale mbaula, koma sanaonepo kuphulika kukumanga nyumba, ndiye alamu afotokoze bwino kuti kuphulika kwawoko kunapanga bwanji diso la nkhuku. A Jailosi ankati nkhani ndi nthawi, kuti madzi a mtsinje amasalaza mwala popanda mmisiri. Malume ankati chabwino, nanga kanthu kaja kanaphulikako anakaika pamenepo ndani? A Jailosi ankati ngati chilichonse chiyenera kukhala ndi wochiika, ndiye woikayo anamuika ndani? Apa malume ankavula chipewa, kupukuta dazi, n'kunena kuti Mulungu alibe chiyambi. A Jailosi ankati ndiye bwanji osangonena kuti kanthu kajanso kalibe chiyambi, tichepetse ulendo. Tsiku lina malume anabwera atakonzeka, anati sitima siyenda yopanda woyendetsa. A Jailosi anaseka mpaka wailesi inatsala pang'ono kugwa, anati iwo ndi maso awo anaona bogi ikutsetsereka yokha pamtsetse mtunda wautali, mulibe munthu. Malume sanagwedezeke, anangofunsa kuti nanga njanjiyo anayala ndani. Zikafika pamenepo mbalame zinkakhala zayambanso, ndipo aliyense ankanyamuka akunena kuti wapambana ndi iye.

Ine pakati pawo mutu unkazungulira. Akalankhula malume ndinkaona kuti akunena zoona, akayankha a Jailosi ndinkaonanso kuti akunena zoona, ndipo onse awiri ankandipatsa mbatata. Ndinakafunsa amayi tsiku lina akusankha thonje pakhonde. Osakweza n'komwe mutu, anati akuluakulu akale ankanena kuti Chauta anatsitsa anthu oyamba ndi nyama pamodzi ndi mvula ku Kaphirintiwa, thanthwe lisanaume, ndipo mapazi awo alipobe pamwalapo. Ndinafunsa ngati iwo anawaona mapaziwo. Anati alibe nthawi yoyendera mapazi a anthu ena, ndipo ngati ndikufuna kudziwa chiyambi cha chinthu ndidziwe chiyambi cha njala, chomwe ndi mwana wofunsa mafunso mbalame zikudya.

Ndiye nzeru inandibwerera, ndipo ndikuuzeni, nzeru zimene zandipweteka pamoyo wanga zonse zinkabwera zikuoneka zabwino. Ndinaganiza kuti akuluakulu awiriwa akungotaya malovu. Malume ankatiphunzitsa kuti Mulungu amamva pemphero la mwana ndipo amasamala amasiye. A Jailosi ankati chinthu uzichigogoda. Nanga bwanji osamugogoda Mulunguyo, timve kulira kwake? Nyundo ndinali nayo kale: mpunga wa amayi. Ndikaupereka m'manja mwake n'kuchokapo, ukapulumuka ndiye kuti alipo, ukadyedwa ndiye kuti a Jailosi akhoza. Zoti ukadyedwa tidzadya chiyani sizinandifike m'mutu. Ndiponso, kuti ndisaname pamaso pa adzukulu anga, anzanga anali atandiuza kuti m'thamanda la pansi pa mlatho wa njanji madzi aphwa ndipo milamba ikugwidwa ndi manja.

Lachinayi m'mamawa ndinakwera pansanja, ndinagwada, ndinachita chizindikiro cha mtanda, n'kumuuza Mulungu mwaulemu kuti munda uwu ndi wa amayi, malire ake ndi awa, ngodya yovuta ndi ya kumabango, ndibwera madzulo. Ndinatsikira mbali imene a Jailosi sakanandiona, n'kuwerama m'udzu mpaka kutuluka m'dambo. Tsiku limenelo tinagwira milamba, tinaiwotcha pamoto wa ndowe zouma, tinasambira, tinaika makutu panjanji kumvera sitima imene sinabwere. Koma dzuwa litapendeka ndinakumbukira mpunga uja. Ndinabwerera ndikuthamanga, ndikuona kale m'maganizo ngala zoyera ndi nkhope ya amayi. Nditafika ndinaima pamgula pakamwa pali yasa. Mpunga unali monga ndinausiyira, wolemera, woweramira pansi, ngakhale kungodya ya kumabango. A Jailosi anali pansanja pawo, wailesi pakhutu, akuyang'ana kumapiri. Sanandifunse kanthu, inenso sindinawapatse moni, poti ndinali ndi manyazi a munthu amene wangotsimikiza kuti mnzake walakwa.

Komabe ndinakumbukira kuti wilo saligogoda kamodzi. Lachisanu ndinagwadanso n'kuchoka. Madzulo mpunga uli bwinobwino. Loweruka chimodzimodzi, ndipo tsiku limenelo pemphero ndinalifupikitsa, poti tinali titazolowerana. Pobwerera madzulo ake ndinadzera mbali ya kutali ya munda wa a Jailosi, ndipo zimene ndinaona zinandimaliza. Chigawo chonse cha kumeneko chinali chitayera, ngala zitaima njo ngati tsache. Mpunga wa munthu wopemphera uli wonse mwini wake kulibe, wa munthu wosapemphera wadyedwa mwini wake ali pomwepo. Ndinapita kunyumba ndikudumpha migula ngati mwana wa mbuzi. Nkhani imene inalepheretsa akuluakulu awiri, ine wa Sitandade 4 ndinali nditaimaliza m'masiku atatu.

Lamulungu kunsanja kunkapita mlongo wanga wamng'ono ndi ana a malume kuti ine ndikaphunzire. Mapemphero atatha tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba, ana ngati makumi awiri, ndipo chapafupi pomwepo amayi a m'tchalitchi anali pamsonkhano wawo, amayi anga ali pomwepo. Ngati kuti anachita kupangana ndi tsoka langa, malume anafunsa kuti timadziwa bwanji kuti Mulungu alipo. Yankho lake tinali titaliloweza, lokamba za zolengedwa, koma ine ndinaimirira ndisanalozedwe n'kunena kuti ndili ndi umboni watsopano. Ndinafotokoza zonse mokweza, mwadongosolo, tsiku ndi tsiku, osasiya ngakhale milamba. Ndinamaliza ndi munda wa a Jailosi, ndikuloza chala cha kudambo ngati mlaliki wa pamsika. Nkhope ya malume inkasintha ngati nyengo ya mwezi wa Novembala, uku akufuna kukondwa, uku akuona kuti pali china chake chawola. Onse a pamsonkhano wa amayi uja anali atatembenukira kwa ine. Kenako ndinamva khutu langa lakumanja likunyamuka, ine n'kulitsatira.

Kuchokera patchalitchi kukafika kudambo ndi mtunda woti munthu amatha kulapa machimo ake onse, ndipo ndinauyenda chopendekeka. Amayi sanalisiye khutulo njira yonse. Malume ankabwera pambuyo akukankha njinga, akung'ung'udza kuti Mulungu sayesedwa ngati batire la wailesi, komabe ndikuganiza kuti pansi pa mtima ankayembekezera kupeza chozizwitsa. Titafika, amayi sanayang'ane mpunga. Anayang'ana pansi. Anayenda pamgula pang'onopang'ono mpaka kungodya ya kumabango, anaima, n'kundikokera pafupi.

"Bwera udzaone mapazi a Mulungu wako," anatero.

Matope a pamgulapo anali atapondedwapondedwa ngati padutsa ng'ombe. Koma sizinali ng'ombe. Panali phazi lamanja, lathunthu, zala zonse zisanu zitazama. Pambali pake panali mzere wokokeka, ngati wina amakoka chikuni. Ndipo cha kumanja kwake, kabowo kozungulira ka ndodo. Phazi, mzere, kabowo. Phazi, mzere, kabowo. Zinapita kumabango, zinabwerera, zinapitanso, zinazungulira munda wathu wonse, zina zouma za Lachinayi, zina za dzulo lake zikadali ndi madzi. Pamalo ena panali chidindo chachikulu pamene munthu anagwa n'kudzuka. Sindinafunikire kuuzidwa. M'dambo lonse munali munthu mmodzi yekha woyenda choncho.

A Jailosi tinawapeza pansanja pawo, phazi lija atalikulunga ndi chinsanza chonyowa, litatupa ngati dzungu. Atationa anachepetsa wailesi n'kuyamba kuyang'ana kumapiri kuja. Amayi anagwada pansi pa nsanja, mwana ali kumsana, n'kuwomba m'manja mwaulemu. Ndi malume amene anafunsa kuti alamu, bwanji osangomukoka khutu mwanayu tsiku loyamba lomwelo. A Jailosi anati Lachinayi ankaganiza kuti ndadwala m'mimba. Lachisanu anandiona ndikugwada kenako n'kuzemba, ndipo anazindikira nyundo yawo yomwe, anadziwa kuti amene anaipereka kwa mwana ndi iwo. Anati anafuna kundiitana, koma mbalame zinali zitatera kale, ndipo madzulo ndinkabwera ndi nkhope yowala moti sanadziwe poyambira. Kenako malume ananena chinthu chimene ine chinali chisanandifike m'mutu. Anati koma alamu, mukanangokhala phee pansanja panupo, mwanayu akanabwera kwa inu, mkangano wonse mukanapambana.

"Ndikanapambana, inde," anatero a Jailosi. "Nanga mlongo wanuyu akanawaphikira mkanganowo anawa?"

Pamenepo m'pamene ndinalira, osati chifukwa cha khutu. Ndinakumbukira chala changa chija chikuloza kudambo pamaso pa anthu onse, ndikunyadira kuti mpunga wa munthu uyu wadyedwa, pamene unadyedwa iye ali m'munda mwathu akugwa m'matope. Ndinagwada pafupi ndi amayi n'kupepesa mawu akutuluka ndi mamina omwe. A Jailosi anangoti ndidzuke, kuyesa sikulakwa, koma tsiku lina ndikafuna kugogoda chinthu ndizigogoda ndi nyundo yanga, osati ndi chakudya cha amayi anga.

Mukuganiza kuti malume akanasiya mpata woterowo? Anapukuta dazi, anatsokomola, n'kunena kuti paja mwana anapempha mlonda ndipo mlonda anabwera, ndiye alamu avomere kuti anatumidwa.

"Sananditume aliyense, alamu. Ndinangoona nsanja ili yokha."

"Nanga maso oonera nsanjayo anakupatsani ndani?"

"Mayi anga ndi bambo anga, ndipo munkawadziwa."

Akanapitirira mpaka dzuwa kulowa, koma amayi anaimirira, anakonza chitenje, n'kuwauza akuluakulu awiriwo kuti ngati akufuna kudziwa amene analenga mbalame akazifunse zomwezo, chifukwa izo zikubwera apo. Kunalidi utsi uja ukutuluka m'mabango. Tsiku limenelo anthu a m'dambo anaona zachilendo: akatekisiti atavala malaya oyera a Lamulungu, buluku atapinda m'mawondo, akuthamanga pamgula wa munthu wachikunja akukuwa ngati mwana.

Chigamulo anapereka ndi amayi, ndipo panalibe apilo. Zingwe za minda iwiri ija zinalumikizidwa n'kukhala za nsanja imodzi. A Jailosi ankakhala pamwamba n'kumakoka zitini, ine ndinali miyendo ya minda yonse iwiri mpaka tsiku lomweta. Ndinathamanga chaka chimenecho moti nthiti zinkawerengeka. Titamweta n'kupuntha, amayi anasenza dengu la mpunga wathu kupita nalo kwa a Jailosi. Iwo anakana, anati sanagwire ganyu. Amayi sanatsutsane nawo, anangolowa m'nyumba ngati mwawo, anakhuthula, n'kubwerera kukatenga lina. Ife tinadya mpaka mvula inagwa, mbewu inatsala, ndipo palibe amene anagona ndi njala kunyumba ziwiri zonsezo. Ukaristia wanga malume anaukankhira chaka chotsatira, ati ndiyambe ndakhwima. Ena amati mpaka lero sindinakhwime.

Akuluakulu awiriwo anakangana zaka zina zambiri, sikimu inabwera akukangana, mano anatha akukangana, ndipo palibe anasuntha ngakhale pang'ono. Amene anayamba kumwalira ndi a Jailosi. Poti sanalinso wa mpingo, pamaliro pawo panalibe kwaya, ndipo anthu ankayang'ana malume kuti atani. Iwo anafika atavala malaya aja oyera, anakhala pafupi ndi bokosi tsiku lonse osalalikira. Nthawi yonyamula itakwana anaimirira movutikira, anagogoda bokosilo katatu ndi chala, n'kunena motsitsa mawu, koma ine ndinali pafupi ndinamva: "Alamu, mwafika. Kagogodeni nokha tsopano." Atatero anatembenuka n'kulira ngati mwana.

Lero m'dambo muja muli ngalande ndi zitseko zachitsulo, ndipo ana olondera mpunga amakhala pansanja maso ali pafoni, mbalame n'kumadya mwaufulu wa zipani zambiri. Mdzukulu wanga wina wa ku sekondale, mwana wa mlongo wanga uja, anabwera tsiku lina kudzandiuza nkhani ya kanthu kaja kanaphulika, akuganiza kuti andidabwitsa. Ndinamuuza kuti ndinaimva iye asanalotedwe, njere ya mpunga ili pachikhatho. Ndiye anandifunsa kuti malume, nanga inuyo mumati Mulungu alipo? Kutchalitchi ndimapita, ndimakhala kumbuyo kufupi ndi khomo kumene kumapita mphepo, ndipo za chiyambi cha dziko sindidziwa kuposa mmene ndinkadziwira ndili pansanja. Sukulu yanga inathera panjira, sindingapikisane ndi mabuku ake. Ndinangomuuza zimene ndinaona ndi maso anga. Ndinati ine ndinagogodapo kamodzi, masiku atatu otsatizana, ndipo tsiku lililonse kunabwera yankho. Kungoti amene ankabwera nalo anali munthu wotsimphina, wa jekete yopanda mabatani, amene mpaka tsiku la imfa yake ankalumbira kuti kumeneko kulibe woyankha.